Kusankha miyala ya thanki ya mbuna, kuyambira kokatola mpaka kuimanga m'galasi

Kuno ku Senga Bay ndi ku Salima boma, ofuna kusunga nsomba m'thanki ya galasi akuchulukirachulukira: ena m'nyumba, ena pamalo ofikira alendo, ena kusukulu. Galasi amadulitsa kwa mmisiri wodziwa, fyuluta amaitanitsa ku Lilongwe, nsomba amasankha zowala. Koma miyala amangotola tsiku lomaliza, uliwonse umene wawakomera m'maso m'mbali mwa msewu. Pakangotha milungu itatu madandaulo amayamba. Wina madzi achita mbuu. Wina nsomba imodzi yapirikitsa zinzake zonse mpaka zakaunjikana pakona pamwamba, zipsepse zili zong'ambika. Wina mulu wagumuka usiku, galasi lachita mng'alu, m'chipinda monse muli madzi.

Mbuna ndi nsomba ya m'miyala. Imadya ndere zomera pamwala, imathawira m'ming'alu, yaimuna imalondera phanga lake, ndipo yaikazi ikanyamula mazira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu imafuna pobisala posaivutitsa. Mwala m'thanki ya mbuna ndiwo munda, ndiwo nyumba, ndiwonso mpanda wolekanitsa oyandikana osagwirizana. Muzisankha mwala poganizira ntchito zitatu zimenezi, ndipo musaulowetse m'madzi musanauyese.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Tepi yoyezera ndi sikelo, ngakhale yapamsika yopachika ija
- Ndowa ziwiri zofanana ndi beseni lalikulu, zomwe simuchapiramo zovala
- Bulashi yolimba yatsopano
- Msomali waukulu ndi nyundo
- Viniga woyera wa kukhitchini
- Jik wamba, wopanda fungo lowonjezera
- Zoyezera pH (muyeso wa asidi m'madzi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), zamadontho kapena zatimapepala
- Katoni yaikulu ndi cholembera
- Polystyrene, choyera chopepuka chija chimabwera m'makatoni a mafiriji
- Silikoni wolembedwa kuti ndi wa thanki ya nsomba
- Magolovesi, nsapato zotseka, matumba kapena wilibala

1. Yezani thanki, muwerengere kulemera

Chulukitsani utali, mulifupi ndi msinkhu wa thanki m'masentimita, kenako gawani ndi 1,000. Thanki ya 120 ndi 45 ndi 45 imatuluka malita 243. Kwa mbuna musatsike pansi pa utali wa masentimita 120, chifukwa nsomba yothamangitsidwa imafuna mtunda wothawira.

M'thanki yotere ine ndimayamba ndi miyala ya makilogalamu 40 mpaka 60. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene mwala wa granite umalemera kuwirikiza pafupifupi 2.7. Ndiye kuti miyala ya makilogalamu 54 imalanda malo a ndowa imodzi ya malita 20. Mukaphatikiza madzi, miyala, mchenga ndi galasi lenilenilo, mwadutsa makilogalamu 300, kuposa matumba 6 a simenti.

Chenjezo: katebulo ka pabalaza sikangasenze katundu ameneyu. Wotcheretsani choikapo chachitsulo kapena mangani cha njerwa, ndipo chikhale chosapendekera mbali iliyonse. Lembaninso penapake kuchuluka kwa madzi enieni omwe alowa miyala itaikidwa kale. Tsiku lothira mankhwala muzidzawerengera pa nambala imeneyo, osati pa 243.

2. Dziwani kokatola ndi koletsedwa

Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zomwe timaziona tikaima kugombe la kuno, zili m'kati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha nsomba zomwe tikukambazi. Malire ake amafikanso m'madzi, mamita 100 kuchoka pagombe. Kumeneko simutola kanthu, mwala kapena nsomba.

Ngakhale kunja kwa paki, ine sindilimbikitsa kuvuula miyala ya m'nyanja. Mwala uliwonse wa pansi pamadzi uli ndi mwini wake kale. Mbuna zambiri sizikonda kuwoloka mchenga wautali, n'chifukwa chake malo amiyala aliwonse amakhala ndi nsomba za mawanga akeake. Ngakhale nsomba yachikasu ija ya mtundu wa Aulonocara baenschi, yomwe osunga nsomba akunja amaisirira, kwawo ndi pamiyala ya Nkhomo pafupi ndi Benga basi. Malo otere ndi ochepa, ndipo aliyense akati achotsepo wilibala imodzi, sipachedwa kuyera. Chifukwa china ndi cha thanzi lanu: miyala ya m'madzi imabwera ndi nkhono, ndipo nkhono zina za m'nyanja yathu zimanyamula tizilombo ta likodzo. Manja anu adzakhala akulowa m'thanki imeneyi sabata iliyonse.

Miyala yabwino ili pamtunda. Pitani m'makwawa ouma miyezi ya September ndi October, m'mphepete mwa mapiri, kapena kwa amayi ndi abambo ophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Iwowa auzeni mwachindunji kuti mukufuna zibuma zikuluzikulu zosaphwanya, ndipo muwalipire bwino, popeza kunyamula kwake n'kowawa. Ngati mukutola nokha, yambani mwaonana ndi mwini malo kapena amfumu. Kumanda ndi kudambwe musayandikireko.

Chenjezo: pewani miyala ya m'mbali mwa minda ya thonje ndi madimba a tomato momwe amapopera mankhwala, ya pagalaja, ya kudzala, ndi ya padooko pamene anthu amachapirapo. Sopo ndi oilo zimalowa m'ming'alu momwe bulashi sifika. Mwala muziyamba mwautembenuza ndi ndodo chifukwa cha njoka ndi zinkhanira, ndipo kumathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua kumbukirani ng'ona.

3. Zindikirani mtundu wa mwala

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tichedwepo.

Mwala wodalirika kwambiri ndi granite, wolimba uja wa timadontho toyera, takuda ndi tofiirira, pamodzi ndi mbale wake gneiss, amene amakhala ndi mizeremizere ngati nsalu. Miyala yambiri ya m'magombe a nyanja yathu ndi ya mitundu yolimba ngati imeneyi. Sisungunuka, sisintha madzi, ndipo ndere zimamera bwino pamwamba pake. Nsangalabwi zikuluzikulu za mumtsinje nazonso zilibe vuto kwa madzi, kungoti zimaterereka pomanga, ndiye zimafuna kusakaniza ndi ina yokhakhala.

Mwala wa laimu, ngati umene amawotcha ku Balaka, umasungunuka pang'onopang'ono n'kukweza pH. Kwa nsomba zambiri limeneli ndi vuto, koma kwa mbuna ndi thandizo, chifukwa madzi a nyanja ya Malawi amakhala ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6. Ngati madzi a kwanu ali pansi pa 7.5, zidutswa zingapo za mwala wa laimu zidzakuthandizani. Ndikunena mwala wosawotcha. Laimu wowotcha wopakira nyumba uja ndi chiphe m'thanki.

Tsono iyi ndi yoisiya pomwe mwaipezapo:

Lubwe, wofiira wa mabowomabowo uja. Anthu amaukonda chifukwa cha mapanga ake achilengedwe, koma wambiri umafumbutuka m'madzi, thanki n'kukhala yofiirira mpaka kalekale, fyuluta n'kumatsekeka.

Mwala wonyezimira ngati golide. Pano pamafunika diso, chifukwa zonyezimira zilipo ziwiri. Ngati chonyezimiracho chikusendeka ndi nsonga ya mpeni ngati timapepala topyapyala, ndi mica, ndipo alibe vuto. Ngati ndi timibulu tolimba ta makona, tooneka ngati mkuwa wachikasu, tosasendeka, ndi pyrite. Ameneyu akakhalitsa m'madzi amachita dzimbiri n'kutulutsa asidi.

Mwala wa mizere yobiriwira kapena yabuluu. Kubiriwira kwa ndere kumachoka ndi bulashi. Koma mukaswa kachidutswa ndi nyundo n'kupeza kuti mtunduwo walowa mpaka m'kati, mwina ndi kopa, ndipo kopa ngakhale wochepa amapha nkhono ndi tizamoyo tina, akachuluka amaphanso nsomba.

Mwala wa madontho a dzimbiri amene amadetsa chala chonyowa, mwala wamchenga wofewa umene umayoyoka mukaukanda, zigumu za konkire ndi simenti, mwala wopakidwa penti kapena wokhudzana ndi phula: yonseyi ayi. Simenti makamaka imakweza pH kupitirira muyeso umene mbuna ingapirire. Njerwa za pauvuni wa kumudzi zambiri sizipsa mokwanira ndipo zimasungunuka, koma mphika wadothi wopsa bwino, wosapakidwa chilichonse, umakhala phanga labwino ukagonekedwa kuseri kwa miyala.

Mwala umene mukuukayikira, usiyeni. Miyala sisowa kuno.

4. Yesani mwala uliwonse

Muyese umodziumodzi, osati kuyesa umodzi n'kukhulupirira mulu wonse.

Yambani ndi kuugogoda ndi nyundo pang'ono. Wabwino umalira kuti ngwee. Ukalira kuti phu, m'kati muli mng'alu kapena ndi wofumbwa, ndipo udzasweka utasenza inzake. Kenako ukandeni ndi msomali. Pa granite msomali umangosiya kamzere kachitsulo. Ukakumba n'kutulutsa ufa wambiri wofiira kapena mchenga, mwalawo utayeni. Ukatulutsa ufa woyera pang'ono, mwina ndi laimu, ndipo viniga ndiye akuuzeni.

Donthezani viniga pamene mwakandapo, mudikire kamphindi, muyang'anitsitse ndi kutchera khutu. Pakatuluka tithovu, mwalawo ndi wa laimu. Ku thanki ya mbuna ulowe. Ngati mukusunga nsomba za madzi ofewa zochokera ku Amazon, monga neon tetra kapena angelfish, usalowe.

Chenjezo: ena amayesa ndi asidi wa m'batire ya galimoto poti viniga amachedwa. Musatero. Amawotcha khungu ndi maso, ndipo wochokera m'batire yakale amakhala ndi mtovu umene ungatsalire pamwalapo.

Kuyesa komaliza kumatenga sabata, ndipo n'kumene anthu amadumpha. Tungani madzi omwe mudzagwiritse ntchito m'thanki, kaya a pampopi kaya a pamjigo, mudzaze ndowa ziwiri. M'ndowa imodzi ikani miyala yotsuka, inayo ikhale ya madzi okha. Vindikirani zonse ndi nsalu, ziikeni pamthunzi. Pakatha masiku 7 yezani pH m'ndowa zonse ziwiri. Ndowa ya madzi okha ndiyo mboni yanu, chifukwa madzi amasintha pang'ono paokha akakhala. Ngati ya miyala yatsika poyerekeza ndi inzake, kapena yakwera kufika 9, muli mwala woipa ndipo muyenera kuufufuza. Yang'ananinso pamwamba ngati payandama mafuta, pansi ngati pagwa dzimbiri, ndipo nunkhizani.

5. Sankhani kukula ndi maonekedwe

Mukufuna magulu atatu. Oyamba ndi a maziko, aakulu ngati mafuwa, okhala ndi mbali imodzi yokhazikika. Achiwiri ndi aphanthiphanthi ofolerera mapanga. Achitatu ndi a ngati chibakera, otsekera mipata ndi kuchirikiza. Tolani yochuluka kuposa imene mukufuna, chifukwa pomanga mudzakana ina.

Mwala umene simungautsitse m'thanki ndi manja awiri mosanjenjemera ndi waukulu kwambiri. Ine sindipyola makilogalamu 10 pa mwala umodzi.

Pukutani mwala ndi chigamba cha nsalu. Pamene nsalu yakola, khungu la nsomba lidzakolanso, makamaka usiku ikadzidzimuka. Miyala ya kwa ophwanya imakhala yakuthwa, ndiye ikhuleni m'mphepete ndi mwala unzake mpaka itabuntha. Mukapeza wa bowo lodutsa, onetsetsani kuti nsomba yaikulu ya masentimita 12 ingadutsemo momasuka, apo ayi litsekeni.

Pa za maso: miyala ya mtundu umodzi imaoneka ngati pansi pa nyanja, ya mitundumitundu imaoneka ngati pamalo ogulitsira. Yoderako imachititsa kuti buluu ndi chikasu cha mbuna zioneke bwino kuposa yoyera mbee.

6. Tsukani

Khulani ndi bulashi ndi madzi okha. Sopo wa mtundu uliwonse asayandikire. Sanjani m'ming'alu ndi msomali, muchotse dothi, mizu, nkhono ndi timazira tawo tooneka ngati mamina.

Miyala yolimba yosamwa madzi iviikeni usiku umodzi m'madzi a Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu 20 a madzi. Kukacha itsukuluzeni bwino, iviikeni m'madzi oyera masiku 3 mukusintha madziwo tsiku lililonse, kenako iyanikeni padzuwa masiku ena 3. Ikauma inunkhizeni. Fungo la Jik likamveka, bwerezani kuviika. Miyala ya mabowo yomwa madzi musaiike mu Jik. Ikhuleni, muiyanike padzuwa milungu iwiri mukuitembenuza.

Machenjezo awiri apa, onse okhudza moyo wanu. Loyamba: Jik ndi viniga zisakumane. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo. Mwala umene munauyesa ndi viniga uyambe watsukidwa, ndipo ntchitoyi muigwirire panja. Lachiwiri: musawotche miyala pamoto kapena kuiphika mumphika pofuna kupha tizilombo. Amayi amadziwa kuti mwala wa kumtsinje ukaikidwa ngati fuwa umatha kuphulika, chifukwa madzi obisala m'kati amasanduka nthunzi yosowa potulukira.

7. Yeserani pakatoni

Jambulani kukula kwa pansi pa thanki pakatoni, muiyale pansi, mumangirepo. Apa mukhoza kugumula ndi kumanganso kakhumi popanda kuopa galasi.

Mangani milu iwiri kapena itatu yolekana, pakati pakhale bwalo la mchenga. Mulu umodzi wautali kuchokera uku mpaka uko umakhala dziko la yaimuna imodzi. Milu yolekana imapereka malire, ndipo iliyonse imapeza mwini wake. Wina ukwere kufika magawo awiri mwa atatu a msinkhu wa thanki, ina ikhale yotsikirapo. Mapanga achuluke kuposa nsomba, ndipo ambiri akhale ndi makomo awiri kuti yothamangitsidwa ilowere uku n'kutulukira uko.

Mwala uliwonse ukhale pa nsonga zitatu, monga mphika umakhalira pamafuwa. Wokhala pa nsonga ziwiri umagwedera. Mukamaliza gwadani kumapeto kwa katoni, muyang'ane kutsidya ngati ndinu nsomba. Mukaona mpaka kumapeto popanda chotchinga, onjezani mwala woimirira pakati, chifukwa mbuna imathamangitsa chimene ikuchiona. Siyani mpata wa masentimita 5 pakati pa miyala ndi galasi kuti dzanja lizilowa popukuta. Kankhani mwala uliwonse ndi chala mwamphamvu. Zikakhazikika, jambulani ndi foni mbali zonse musanaphwasule.

8. Mangani m'thanki, miyala iyambe mchenga utsatire

Yalani polystyrene pansi pa thanki isanakhale pachoikapo. M'kati, pamene padzakhale milu, yalani pulasitiki yolimba yophwatalala, monga bolodi yodulirapo ndiwo, kuti nsonga ya mwala isadinde galasi pamalo amodzi. Khazikani miyala ya maziko pamenepo, muimange motsata chithunzi chija, ndipo mukatha ndiye muthire mchenga wotsuka bwino, wokwana masentimita 3, kuzungulira miyala.

Dongosolo limeneli lisasinthe. Mbuna ndi akatswiri okumba. Yaimuna imatapa mchenga ndi kamwa n'kukaulavula kutali, tsiku lonse, mpaka pansi pa mwala patakhala dzenje. Ndinaitanidwapo pamalo ena ogona alendo kumene anamanga mulu wokongola pamwamba pa mchenga wa masentimita 8. Unakhala bwinobwino mwezi wathunthu. Usiku wina mwala wa pansi unamira, wa pamwamba unagwera galasi lakutsogolo, ndipo pofika m'mawa nsomba zonse zinali pasimenti. Ogwira ntchito pamenepo ankazikonda nsomba zija, ndipo zinandiwawa kuwafotokozera kuti chimene chinavuta ndi kuyamba ndi mchenga basi.

Miyala ya pamwamba imene ikukudetsani nkhawa imateni ndi silikoni iwiriiwiri, ili youma, panja pa thanki. Dikirani mpaka fungo lake lowawasa litatheratu. Masiku awiri ndi ochepetsetsa, ine ndimadikira sabata. Musamate mulu wonse, chifukwa tsiku lofuna kugwira nsomba yodwala mudzafunika kuphwasula.

Chenjezo: silikoni wa kubafa ndi kukhitchini amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo amapha nsomba. Werengani pachubu musanagule. Mwala usatsamire galasi la m'mbali kapena la kumbuyo, ndipo musiye malo a paipi ya fyuluta ndi chotenthetsera madzi. Miyezi ya mwera, June ndi July, madzi a m'nyumba amatha kuzizira kupitirira zimene mbuna zimakonda, zomwe ndi madigiri 24 mpaka 27.

9. Thirani madzi, mudikire

Ikani mbale pamchenga, muzithira madzi pambalepo kuti asakokolole. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndiye thiranimo mankhwala ochotsa klorini kapena muwasiye m'mabeseni osavindikira masiku awiri. Yatsani fyuluta. Tizilombo tabwino tosintha ammonia wa m'zitosi za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate, timatenga milungu 4 mpaka 6 kuti tikhazikike m'fyuluta ndi pamiyala. Muziponyamo chakudya cha nsomba pang'ono kuti tipeze chodya, ndipo nsomba zilowe pokhapokha ammonia ndi nitrite zikuonetsa 0.

Miyala idzayamba kuchita utoto wofiirira, kenako wobiriwira. Musaukhule. Mudzaona mbuna zitaima chamutu pansi zikubudula, monga zimachitira pachilumba cha Namalenje.

Nsombazo mugule kwa amene ali ndi chilolezo cha Nthambi ya za Nsomba. Salima ili ndi mbiri pa malonda amenewa, kuyambira pamene Stuart Grant anakhazikitsa malo ake otumizira nsomba kunja pa Kambiri Point.

Nanga amene akufuna thanki ya madzi amchere?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri kwa omwe aona matanki a makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala yokongola, pa YouTube. Miyala yonse yomwe tafotokozayi siyenera kumeneko, kupatula mfundo zomangira.

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndi pH ya 8.1 mpaka 8.4, ndipo amapangidwa ndi mchere wapadera wa matanki, osati wa kukhitchini. M'thanki yotere mwala ndiwo fyuluta yaikulu. Umafunika kukhala wa laimu wa mtundu wa aragonite, wopepuka, wa timabowo tosawerengeka momwe tizilombo toyeretsa madzi timakhala. Granite alibe timabowo, ndipo lubwe ali ndi chitsulo chochuluka. Posankha, nyamulani miyala iwiri yofanana kukula, mutenge wopepukawo. Muyeso umene ambiri amayambira ndi kilogalamu imodzi pa malita 8 mpaka 10.

Pali mwala wamoyo, wochokera m'madzi uli ndi zamoyo zake, ndi mwala wouma. Kwa ife a kutali ndi nyanja yamchere ndimalangiza wouma, kapena wopangidwa kufakitale. Wamoyo pofika kuno kuchokera ku Nacala kapena Dar es Salaam zamoyo zambiri zimakhala zitafa, ndipo umayenera kuvundikidwa m'madzi amchere oyenda ndi pampu kwa milungu ingapo mpaka fungo lovunda ndi ammonia zitatha. Umabweranso ndi alendo osaitanidwa, monga Aiptasia, tizamoyo tooneka ngati maluwa timene timaluma makorali, ndi nkhanu zodya nsomba. Kuwonjezera apo, makorali olimba ali pamndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa pakati pa mayiko, lomwe dziko la Malawi linalowamo, kotero kuwadutsitsa pachipata popanda zikalata ndi mlandu. Mwala wouma nawonso uviikidwe ndi kudikiriridwa. Umachedwa kukhwima kuposa wamoyo, koma mumadziwa chimene mwaika m'thanki.

Musanagule mwala ngakhale umodzi wa mtundu umenewu, yambani mwakonza za magetsi osazima, sola ndi mabatire. Pampu ikaima maola angapo m'thanki ya makorali, mpweya umatha ndipo zamoyo za m'mwala zimayamba kufa.

Zolakwika zimene ndimakumana nazo kawirikawiri

Kuika miyala yochepa. Mwini thanki amafuna aziona nsomba zake, ndiye amaikamo miyala itatu yokha. Chimachitika n'chosiyana: mbuna yopanda pothawira imachita mantha, mtundu umazilala, ndipo imakhalira kuseri kwa fyuluta. Ikadziwa kuti phanga lili pafupi ndi pamene imayenda poyera.

Kuwonjezera mwala umodzi pambuyo pake osauyesa. Thanki yayenda bwino chaka chonse, mwana wabwera ndi mwala wokongola kuchokera kunyanja, waponyedwamo tsiku lomwelo. Mwala wobwera mochedwa udutse njira yonse, kuyambira pa nyundo mpaka pa ndowa ya masiku 7.

Kutulutsa miyala yonse n'kuichapa mbee pofuna ukhondo. Potero mwachotsa chakudya cha nsomba ndi tizilombo toyeretsa madzi nthawi imodzi. Pukutani galasi, yamwani zinyalala za pamchenga ndi paipi, sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, miyala muisiye.

Kusiya matumba akufa kuseri kwa mulu. Pamene madzi sayenda pamaunjikana zitosi. Lozetsani paipi yotulutsa madzi kuti iziwomba kuseri kwa miyala, ndipo posintha madzi muzilowetsako paipi yoyamwira.

Kudalira mwala wa laimu kuti ukonze madzi oipa. Umagwira pH kuti isagwe, koma suchotsa nitrate.

Kuika nsomba yatsopano m'thanki imene mapanga onse ali ndi eni. Imamenyedwa tsiku lomwelo. Musanailowetse, sunthani miyala ingapo ya pamwamba kuti malire akale asokonekere, dyetsani zakalezo, zimitsani nyali, ndiye muitsitse madzulo. Mukamaliza, kankhaninso ndi chala mwala uliwonse umene mwausuntha musanavindikire thanki.